Chithunzi cha Kagalimoto ka Bwana

Bodza limene landisautsa sindinalinene ndi pakamwa. Ndinangotumiza chithunzi kumudzi, kenako n'kukhala chete. Inu owerenga, makamaka amene muli kuno ku Joni, imvani zimene zinandichitikira.

Malemu amuna anga, bambo ake a Chisomo, ankagwira ntchito ya m'gadeni kwa mzungu wina wokalamba. Ife tinkakhala ku Cosmo City, m'chipinda chakuseri kwa nyumba ya eni ake. Bwanayo anali ndi kagalimoto kochokera ku Mangalande, kobiriwira, ka mipando iwiri, kopanda denga. Kanali katsopano koma kooneka ngati kamakedzana, kafupi moti ukalowamo umakhala ngati wakhala pansi. Kupepuka kwake, amuna anga ankakakankha okha pokatulutsa m'galaji. Loweruka lililonse ankakatsuka n'kukapukuta ndi kansalu kofewa. Laisensi analibe, ndipo sanakayendetsepo.

Tsiku lina bwana atachoka ndinawapititsira chakudya, nditanyamulanso jekete yawo imene tinagula ku Fordsburg. Ndinawaumiriza kuti avule ovolosi, avale jeketeyo, akhale pachiwongolero. Anaseka, ine n'kuwajambula pafoni. Anandichenjeza kuti ndisatumize kwa munthu. Madzulo omwewo ndinatumiza kwa mchemwali wawo ku Thyolo, n'kulemba kuti Mulungu watikumbukira.

Sindinanene kuti kagalimotoko ndi kathu. Koma abale akumudzi atayamba kutiyamikira, sindinakane. Ndinali nditatopa ndi kunenedwa kuti zaka zonsezi ku Joni tilibe chooneka.

Patatha zaka ziwiri, m'nyengo yozizira, amuna anga anadwala chibayo, n'kutisiya. A Malawi anzathu anandithandiza kutengera thupi kumudzi. Nditafika pasiwa ndinapeza chithunzi chija atachikulitsa, n'kuchiika patsogolo pa bokosi. Apongozi anga aakazi ankachisisita akulira.

Kwathu mwamuna akamwalira, abale ake amakhala pansi ndi abale a mkazi n'kumusudzula mkaziyo, kuti akhale womasuka. Titakhala pansi, alamu anga aakulu anafunsa mofatsa, "Mlamu, tisanapite patali, makiyi a galimoto ya achimwene ali kuti?"

Ndinanena zoona pamaso pa onse, kuti galimotoyo ndi ya bwana, mbale wawo ankangoitsuka. Palibe anandikhulupirira. Anati ndaibisa kwa mwamuna wina ku Joni, ndipo sandisudzula mpaka ndiibweretse.

Nditabwerera kuno ndinapita kwa bwana uja, n'kumufotokozera m'Chingerezi changa chothyokathyoka. Anamvetsa. Anakhala m'kagalimoto kake, ine n'kuimbira alamu foni ya vidiyo. Anawaonetsa makiyi ndi mapepala, n'kuyamikira malemuyo kuti sanakande penti ngakhale kamodzi. Alamu anayang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Oho, ndiye mwagulitsa kwa mzunguyu."

Chaka chatha tsopano. Sanandisudzule. Apongozi sayankha foni yanga, ndipo mwana wanga Chisomo amafunsa chifukwa chake agogo ake anasiya kumuimbira. Sindiwakwiyira anthu aja. Anakhulupirira zimene ndinawaonetsa ine ndemwe, ndipo zaka ziwiri ndinali ndi mpata wowauza zoona.

Inu anzanga, musatsamire galimoto ya eni pojambulitsa. Kumudzi chithunzi sachiona ngati masewera, amachisunga ngati umboni. Ngati mumatsuka, auzeni kuti mumatsuka. Manyazi ake ndi a tsiku limodzi.

Loweruka lina ndinakaona kagalimoto kaja kakudutsa pamaloboti, kali ndi fumbi. Nditafika kunyumba ndinafufuza m'foni monse, kufuna chithunzi cha amuna anga ali mu ovolosi, kansalu kali m'manja, monga ndinkawadziwira. Ndilibe ngakhale chimodzi. Chimene ndinatsala nacho ndi chija cha jekete.