Miyezi Iwiri Popanda Atcheya

Zipani zambiri zitangoyamba kumene, ndinali wachiwiri kwa wapampando m'gulu lathu la amayi ku Chinsapo. Tinkalimbana ndi okumba mchenga mumtsinje komanso odula mitengo ya m'mbali mwake kuti aotchere njerwa. Dzinja lililonse gombe linkagumuka, madzi n'kulowa m'nyumba za kumunsi. Amene anayambitsa gululo anali mayi wina wamasiye wa ku Ntcheu, ndipo tonse tinkangowatchula kuti atcheya.

Atcheya sankadziwa kukhala pansi. M'mawa ali kumtsinje kukangana ndi amalole onyamula mchenga, masana ali pamzere ku maofesi a mzinda, madzulo ali pamaliro. Tsiku lina pamsonkhano anaimirira kuti ayankhule, mawu n'kuwathawa. Anangoti njo, mpaka pepala limene anagwira linagwa. Kuchipatala anati magazi akuthamanga kwambiri. Mawa lake anali kale kumtsinje.

Komiti inakumana iwo kulibe. Tinagwirizana kuti akapume miyezi iwiri kwa mng'ono wawo ku Area 25, osakhudzako za gulu. Zokawauza anandisenzetsa ine.

Ndinawapeza akuchapa pakhonde. Titalonjerana ndinati, “Amayi, andituma anzathu. Akuti mupume kaye miyezi iwiri. Makiyi a kabati ya mapepala ndisunge ine.”

Anasiya kuchapa, n'kupukuta manja pachitenje pang'onopang'ono.

“Mwakumana liti?”

“Dzulo.”

“Ine ndili moyo?” anatero. “Masiku ano aliyense akufuna mpando. Sindimadziwa kuti nanunso, mayi. Kapena amalole aja akunong'onezani kanthu?”

Ndinati, “Tikuopa kukutayani, amayi.”

Anamasula makiyiwo pansonga ya chitenje, n'kuwaponya m'beseni. Ndinagwada, n'kuwavuula m'thovu la sopo. Pochoka sanandiperekeze.

Anapita ndithu, koma chifukwa mng'ono wawoyo anachita kubwera kudzawatenga. Mbiri inafika msanga kwa amchenga. Sabata yachitatu malole atatu anatsikira kumtsinje dzuwa lili pamutu. Ndinasonkhanitsa amayi amene ndinawapeza, tinakakhala pansi pakati pa njira. Dalaivala wa lole yakutsogolo anaiyandikiza mpaka kutentha kwa injini kunatifika kumaso.

“Bwana wanu uja ali kuti lero?” anakuwa, anzake akuseka.

Ndinayenera kudzuka kuti ndimuyankhe, koma sindinadzuke. Ndiye anaimirira mayi wina wogulitsa tomato, amene pamisonkhano yathu ankangokhala kumbuyo osanena kanthu. Anapita pawindo la lole.

“Iwe, amayi ako timapemphera nawo limodzi. Nyumba yawo ndi yachitatu kuchokera pagombe apa. Tiponde, ukawauze wekha.”

Injini inalirabe kanthawi ndithu. Kenako lole inayamba kubwerera chambuyo, yachiwiri n'kuitsatira. Yachitatu inazungulira njira ina, inakapakira mchenga kumunsi, ife tikuiona.

Loweruka ndinakwera maminibasi awiri kupita ku Area 25. Ndinawapeza atcheya pamkeka akusenda mtedza, ali osavala nsapato. Mng'ono wawo anandinong'oneza kuti anachita kuwabisira nsapatozo, chifukwa sabata yoyamba ankadzuka m'mamawa n'kuyamba ulendo wa ku depoti ya mabasi.

Sanandifunse za gulu. Ndinawafotokozera ndekha, osabisa za lole yachitatu kapena zoti ine sindinadzuke.

“Anayankhula ndani?” anafunsa.

Nditawauza, anaika mtedza pansi.

“Zaka zonsezi ndili naye mayi ameneyo, mawu ake sindiwadziwa,” anatero. “Kuno ndimangokhala, ndiye mutu umayenda. Ndinkaganiza kuti ndikadwala ine mtsinje watha. Kodi ndinkakupatsani mpata woyankhula, inu?”

Ndinatola mtedza, n'kuyamba kusenda nawo.

Miyezi iwiri itakwana anabwerera, nkhope itadzaza. Pamsonkhano woyamba anagawa ntchito. Zakumtsinje anapatsa mayi wa tomato, zamaofesi anapatsa ine, iwo anati Lachitatu lililonse asamagogoderedwe pakhomo, azipuma. Amchenga sanasiyiretu, koma anasamukira kutali ndi nyumba za anthu.

Za mawu amene anandinenera pakhonde paja sanapepesepo, nanenso sindinawakumbutse. Tinagwira ntchito limodzi zaka zina zitatu, tikulemekezana, koma kuseka kwathu kwakale sikunabwerere.