Azakhali Anapita ku Zomba Opanda Dengu

Lachiwiri lapitali ndinaperekeza azakhali anga ku Zomba. Sikunali kuchipatala, sikunali kukhoti, ndipo sitinanyamule malonda. Tinangopita kukaona tauniyo monga amachitira alendo.

Ndikudziwa kuti ena mwaseka kale. Musadandaule, kwathu kuno kwa Mwambo anasekanso.

Azakhaliwa dzina lawo ndi a Esinati, mlongo wawo wa malemu bambo anga. Moyo wawo wonse akhala akugula matemba padoko la Kachulu n'kumakagulitsa mumsika wa Zomba. Ntchitoyi anaiyamba ine ndisanabadwe, moti njira ya ku Zomba amaidziwa ngati ya kuchitsime. Chaka chino anasiya malonda chifukwa cha maso. Diso lakumanzere linafa kale, lakumanja likuzima pang'onopang'ono. Kuchipatala anawauza mosabisa kuti si ng'ala yoti angaichotse, ndipo mankhwala odontheza omwe anawapatsa ndi ongochedwetsa mdima.

Mwezi watha kunabwera mwana wawo Agnesi, msuweni wanga amene amagwira ntchito ku Lilongwe. Pobwera anaima ku Zomba ndi anzake akuntchito, anakwera phiri n'kujambula zithunzi zambiri. Tili pakhonde, anayamba kuonetsa mayi ake zithunzizo pafoni. Azakhali anaiyandikitsa foniyo mpaka kutsala pang'ono kukhudza mphuno.

"Kumeneku ndi dziko liti? Unapita liti kunja osandiuza?"

"Amayi, ku Zomba kumeneku."

"Zomba yake iti?"

"Yomweyi mumakagulitsa matembayi."

Azakhali anabweza foniyo. Agnesi atabwerera ku Lilongwe, ananditumira uthenga kuti ndikawaone.

"Iwe Fanuwelo," anatero, "ukamaliza kupuntha mpunga undiperekeze. Ndikufuna ndikaone Zomba ya pafoni ija diso ili lisanatseke."

Mpunga nditaulowetsa m'nyumba, tinanyamuka. Azakhali anavala chitenje chawo cha kutchalitchi ndi nsapato zomwe Agnesi anawagulira. Pasiteji tinapeza Che Asiyatu, mnzawo wakalekale wa malonda a nsomba, atakhalira dengu lawo kudikira galimoto.

"Anzanga, dengu lili kuti? Kapena maso aja avutanso?"

"Ayi, maso ali momwemo."

"Kuli maliro?"

"Kulibe."

Che Asiyatu anatsitsa mawu. "Ndani wamangidwa?"

"Palibe wamangidwa. Tikukaona malo."

Siteji yonse inafa ndi kuseka, mpaka anyamata akabaza anatsika panjinga. Che Asiyatu anapukuta misozi ndi nsonga ya mpango wawo. "Esinati, wasanduka mzungu ukalamba uno? Malo akewo ati, oti sunawaone zaka zonsezi?"

Sindikuwanena Che Asiyatu. Mafunso awo ndi omwe aliyense wa ife akanafunsa. Munthu wa kuno akati akupita ku Zomba, ndiye kuti wadwala, kapena ali ndi mlandu, kapena akukaona m'bale kundende, apo ayi wasenza katundu wokagulitsa. Tauni imeneyi timaidziwa ndi mavuto athu. Ulendo wopanda vuto timaukayikira.

Titatsika mutauni, miyendo ya azakhali inalunjika yokha kumsika. Ndinachita kuwagwira pamkono.

"Azakhali, lero si uko."

"Aa, zoona. Nanga manjawa ndiziwaika pati? Ndikumva ngati ndaiwala mwana m'galimoto."

Tinayenda pang'onopang'ono kukwezeka chakuphiri, kumene kuli nyumba zakale za boma. Amene simunafikeko, kumeneko kuli zii. Mitengo yake ndi italiitali, nyumba zake za njerwa zofiira, makonde otakasuka, zina utoto unasuluka kalekale. Ndinawafotokozera zomwe ndimakumbukira za kusukulu, kuti Zomba ndiye inali likulu la dziko lino kuyambira nthawi ya atsamunda, kuti bwanamkubwa ankakhala kuno, komanso kuti likulu litasamukira ku Lilongwe aphungu anapitirizabe kukumana kuno kwa zaka zambiri.

Tinaima kunja kwa mpanda wa Nyumba ya Malamulo yakale. Azakhali anapendeketsa mutu kuti diso labwinolo lilunjike bwino, n'kuiyang'ana nthawi yaitali.

"Ndiye msonkho uja agogo ako ankathawira m'mabango unkachokera kuno?"

"Dera lomwe lino, azakhali."

"Ine ndili kamtsikana ndinkawapititsira chakudya m'dambo. Ankatuluka thupi lonse litatupa ndi udzudzu." Anagwira mpandawo ndi dzanja limodzi. "Ndinkayesa ndi chinyumba chofika kumitambo. Kani ndi nyumba yoti munthu n'kuizungulira osatopa."

Ndinawafunsa chifukwa chake sanabwereko, pomwe kuchokera kumsika ndi mtunda woti munthu amayenda wapansi.

"Ndikanabwera ndi fungo la matemba? Akanandifunsa kuti mukufuna ndani, ine ndikanati chiyani?"

"Analipo anakubwezanipo?"

"Palibe. Ndinkangodziwa ndekha kuti kuno si kwa ife."

Yankho limeneli ndakhala ndikulisinkhasinkha sabata yonseyi. Atsamunda anapita kalekale, ndipo tsiku lonselo palibe ngakhale mmodzi anatifunsa chimene tikufuna. Koma mantha omwe makolo athu anali nawo pa misewu imeneyi tinawalandira ngati chuma chamasiye, ndipo tikuwasunga bwino.

Pafupi pomwepo pali munda wa mitengo ndi maluwa womwe alendo amakonda kupumulirako. Tinalipira pageti n'kulowa. Mtsinje wa Mulunguzi umadutsa mkati mwake. Azakhali anavula nsapato n'kuviika mapazi, kenako anakuwa ngati aponda moto.

"Mayo! Madzi awa awatulutsa mufiriji?"

Anawerama, natola mwala pansi pa madziwo, n'kuutembenuzatembenuza. Zapafupi amaonabe. Munthu wokulira pa madzi amatope a Chilwa anadabwa kuti pali mtsinje woti ukuona mwala uliwonse pansi pake. Cha apo panali ophunzira akujambulana, ndipo anyani ankadumpha m'mitengo. Azakhali anati akanakonda kugona pakapinga pomwepo, koma chimene anabwerera chinali pamwamba pa phiri. Agnesi anawauza kuti kumeneko munthu amaona nyanja yathu yonse ndi chilumba cha Chisi.

Tinapeza galimoto ya hayala. Woyendetsa wake anali bambo wina wa ndevu za imvi, Che Yusufu, wochokera cha ku Songani. Msewu wokwera phiri ndi wokhotakhota, mbali ina thanthwe, mbali ina phompho. Azakhali anagwiritsa mpando ndi manja onse awiri, akupemphera motsitsa. Che Yusufu anawalimbitsa mtima kuti msewuwo amaukwera kawirikawiri ndipo sunawagwetsepo.

"Lero musayambire ine," anatero azakhali.

Pamwamba tinapeza chiperoni. Kunkazizira, ndipo nkhungu inali itakuta paliponse. M'mbali mwa msewu anthu ogulitsa mabulosi ndi mbatata ankangotulukira ngati mizukwa, mbale zili m'manja. Tinasiya tala n'kulowa msewu wafumbi wa m'nkhalango, galimoto ikugunda pansi, mpaka tinafika pamalo oonera aja, pomwe amati panaimapo mfumu ya ku Ethiopia itabwera kudzacheza.

Tinatsika. Kutsogolo kwathu kunali koyera mbee. Tauni osaoneka, nyanja osaoneka, ngakhale mtengo wapafupi unkangooneka chithunzithunzi.

"Ndi diso langali kapena?" anafunsa azakhali.

"Ayi, azakhali, nanenso sindikuona kanthu. Ndi nkhungu."

Che Yusufu anakanda ndevu. "Anganga, nkhungu ya kuno ilibe pangano. Nthawi zina imachoka, nthawi zina imagona pompano. Bwanji mudzabwerenso tsiku lina kukacha bwino?"

Ine ndinkadziwa chimene Che Yusufu sankadziwa. Azakhali anayala chitenje pamwala n'kukhala pansi.

"Bambo, tsiku linalo ine ndilibe. Diso langa latsala limodzi, nalonso likupita. Ndakhala ndikudikira ogula mumsika dzuwa lonse, nkhungu singanditopetse."

Che Yusufu anawayang'ana, kenako anapita kugalimoto, anakatenga jekete lawo n'kuwafunditsa. Foni yawo inalira kangapo, anthu akufuna galimoto kutauni. Ankangoyankha kuti ali ndi mlendo.

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Tinakhala pamenepo tikudya mabulosi, manja atauma ndi kuzizira. Kenako kunabwera kamphepo, nkhungu inayamba kung'ambika cha kumunsi. Poyamba kunaoneka madenga a tauni, ang'onoang'ono ngati mabokosi a machesi. Kenako chigwa chonse chinatseguka, minda, mitsinje, timapiri, ndipo kutali uko nyanja ya Chilwa inali itagona, Chisi ali pakati pake.

"Azakhali, dzukani! Nyanja iyo!"

Ndinawaimiritsa n'kuwatembenuza mapewa kuti alunjike kum'mawa. Anaphimba diso lakufalo ndi chikhatho, n'kutong'ola linalo. 

"Ndikuona choyera chachitali, chonyezimira ngati lata latsopano. Pakati pake pali chakuda."

"Choyeracho ndiye nyanja. Chakudacho ndi Chisi."

"Nanga kwathu ndi pati?"

Kunena zoona, mudzi wathu nanenso sindinkauona. Ndinagwira dzanja lawo n'kuliloza cha kumene ndinkaganiza kuti kuli Kachulu. Anasiya dzanjalo lili chilozere.

"Minda ya mpunga ikuoneka?"

"Ikuoneka, yachita chikasu."

"Imeneyo ine ayi." Anatsitsa dzanja. "Tachedwa pang'ono. Chaka chatha ndikanaona ndi minda yomwe."

Sanalire, ndipo sanadandaulenso. Anaimabe pomwepo mpaka nkhungu inabwerera n'kutseka zonse. Potsika phiri sanapemphere, ankangofunsa Che Yusufu mayina a malo omwe tinkadutsa.

Tsopano ndikufunseni, abale anga. Phiri limeneli timaliona tsiku ndi tsiku tikamapalasa bwato kapena tikamaingitsa mbalame m'munda wa mpunga. Timaonera pa ilo ngati mvula ikubwera. Ndi angati mwa ife anakwerapo n'kuona kwawo ali pamwamba? Anthu amachoka kutsidya kwa nyanja zamchere, kukwera ndege, kudzaima pamwala womwe azakhali anakhalapo. Ife amene tili pakhomo pake timati zimenezo ndi za azungu.

Wina anena kuti ndi umphawi, ndipo sindikutsutsa. Thumba la feteleza silidikira, fizi ya mwana siidikira. Galimoto ya Che Yusufu sinali yaulere, mpunga wina unapita pamenepo. Koma nyumba zakale zija tinaziona ndi miyendo yathu, ndipo anthu a kuno amafika mutauni kawirikawiri. Munthu atagulitsa nsomba zake m'mawa, chimamuletsa n'chiyani kukwezeka pang'ono asanakwere galimoto yobwerera? Kukagwa maliro kutali timasonkherana, lole imapezeka tsiku lomwelo. Kodi lole imeneyo imakana kunyamula anthu amoyo okaona dziko lawo?

Ana athu kusukulu amaloweza kuti Zomba inali likulu, amalemba pamayeso n'kukhoza. Ambiri a iwo amayamba kuiona tauniyo tsiku lomwe adwala. Kenako timadabwa akamakula akuganiza kuti chilichonse chooneka bwino chili kunja kwa dziko lino, ndipo nyumba zakale zija zikamagumuka palibe wa ife amene zimamukhudza. Chimene sunachionepo sungachilirire.

Vuto lina ndi loti timaona ngati kusangalala kuli ndi nthawi yake, ikadzatha ntchito, ana akadzakula, zinthu zikadzayenda. Azakhali anga anagwira ntchito mpaka maso anatha. Kwanuko kuli ndani amene wakhala akunena kuti tsiku lina adzakaona malo ena ake? Mawondo ake ndi maso ake akudikira nawo tsikulo?

Dzulo madzulo ndinadutsa kwa azakhali. Ndinawapeza pakhonde akusankha mpunga ndi zala, popeza timiyala sakutionanso. Mwezi wamawa ali ndi tsiku lokaonana ndi dokotala wa maso, ndipo ine ndiye wodzawaperekeza.

"Fanuwelo, Che Yusufu aja anati ku Zomba kuli chipilala cha asilikali omwe anafera kunkhondo za azungu, cholembedwa mayina. Amalume awo a agogo ako anapita kunkhondo imeneyo osabwerako. Tikadzatuluka kuchipatala tidzadutsireko."

Ndinavomera kuti tidzapita.

"Diso likadzakhala litatseka, usadzasinthe ulendo," anatero akupitiriza kusankha mpunga. "Udzandiimike pafupi ndidzachigwire, iwe udzandiwerengere mayinawo."