Disiki Imene Ndinachotsa Lachisanu

Kompyuta ya mu ofesi yathu pa esiteti ya tiyi inali ndi madisiki atatu m'mimba. Si kuti tinkafuna atatu ayi. Chinali chizolowezi chabe: manejala akachoka, kompyuta yake n'kutha, ankati disiki yake musataye, mwina muli za minda, ndiye ine ndinkaimangirira m'kompyuta yatsopano. Ndinali kalaliki wa kusitolo, koma poti ndinachitako kakosi ka miyezi itatu ku Limbe, chilichonse cha waya chinkagwera ine, ngakhale ketulo.

Disiki yakale kwambiri inali ya manejala woyamba, ndipo inkalira ngati njinga yopanda girisi. Mafailo ake ndinali nditawasamutsa kalekale. Ndiye Lachisanu lina, anthu ataweruka, ndinaimasula n'kuiponya m'chikwama. Mlamu wanga, mphunzitsi ku Luchenza, anali ndi kompyuta yopanda disiki, ndipo anali atandilemetsa m'makutu. Loweruka tinaifufuta yonse, iye n'kuyamba kulembapo mayeso a ana. Kunena zoona, sindinkaona ngati ndaba. Ndinkati ndachotsa chinyalala.

Lolemba kunacha ndi chiperoni, minda ya tiyi yonse ili mbuu. Woyamba kufika, monga mwa masiku onse, anali mayi wotaipa makalata, wamkulu kwa ife tonse, amene anayamba ntchito nthawi ya makina a manja. Kompyuta ankaiopa, ndipo poweruka ankaifunditsa chitenje kuti fumbi la kufakitale lisalowe. Anadina batani, koma sikirini inangokhala bii, pamwamba pali kamzere kamodzi ka Chingerezi konena kuti chinachake chikusowa.

Abwana athu anali achilendo, osachedwa kupsa mtima. Anafunsa amene wagwira kompyuta, amayiwo n'kuvomera kuti ndi iwo. Ataona chitenje chija sanafunenso kumva zina, anati chaiphika ndi chimenecho. Anati ikapanda kuyaka pofika Lachitatu masana, amayiwo akakhala pasikelo kumunda, kuyeza masamba a othyola tiyi. Aliyense ankadziwa vuto la mawondo awo, ndipo minda ya kumtunda ndi zitunda zokhazokha.

Poyamba sindinadzikayikire n'komwe. Pulogalamu yoyendetsa kompyuta inali pa disiki yatsopano, ndipo ndinaikapo ndine ndi manja angawa, nanga yakaleyo ikukhudzana bwanji? Ndinatsegula bokosi, n'kuzula malamba a waya, n'kuwabwezera. Ndinasuntha timapini ta kumbuyo tosonyeza disiki yotsogola. Ndinalowa pa tsamba la buluu lija losankhira disiki yoyambira, n'kuyesa iyi, n'kuyesa inayo. Palibe. Magetsi akathima ndinkadikira jenereta, akabwera n'kuyambiranso zomwezo. Ndinauzira fumbi mpaka chizungulire. Ndinatopa, abale, kutopa kwenikweni kofuna kugona pansi pa tebulo. Amayiwo anangokhala pambali, manja pamiyendo, osadya, nthawi ndi nthawi n'kundipempha kuti ndiyesenso kamodzi.

Lachiwiri madzulo ndinakwera pachulu cha kuseri kwa sitolo, pamene foni inkagwira, n'kuimbira mphunzitsi amene anandiphunzitsa kakosi ka ku Limbe kaja. Sanadikire kuti ndimalize.

"Mwachotsamo disiki ina?"

Ndinati inali yakale, yopanda kanthu. Anaseka, n'kufotokoza kuti poika pulogalamu, makina amaika timafailo todzutsira kompyuta pa disiki yoyamba imene aipeza, ngakhale zina zonse zipite kwina. Nyumba ndi yatsopano, koma kiyi anatsala kunyumba yakale. Kiyi ameneyo ndinali nditamufufuta ndine, ku Luchenza, ndikumwa fanta.

Ndinabwerera mu ofesi n'kuwauza amayiwo kuti vuto ndalipeza, likufuna sidi yokonzera kompyuta ya ku Limbe. Zinazo ndinameza. Ndinkadziuza kuti ikangoyaka nkhani yatha, palibe adzafunse.

Lachitatu ndinalawira ku Limbe, koma minibasi inachedwa kudzaza, ndipo pobwera inaphulika tayala. Ndinafika pa esiteti anthu akuweruka. Ntchito yake inali ya mphindi khumi basi: kulowetsa sidi, kutaipa mizere iwiri, kompyuta n'kuyaka ngati sizinachitike. Abwana anandimenya paphewa, n'kunena kuti pano pali munthu mmodzi yekha wa mutu. Koma kalata yotumiza amayiwo kumunda inali itapita kale kuofesi yaikulu masana omwewo.

M'mawa mwake ndinagogoda kwa abwana. Ndinanena zonse, za Lachisanu, za mlamu wanga, ndiponso kuti chitenje sichinalakwe kanthu. Anamvetsera akuseweretsa cholembera. Kukwiya sanakwiye, anangooneka otopa ngati ine. Anati kubweza kalata n'kudzichotsa ulemu pamaso pa akuluakulu, ndipo ngati angaibweze, chifukwa chake chiyenera kulembedwa.

"Ndiye sankhani. Ndilembe kalata yachiwiri, yoti mwaba katundu wa kampani? Kapena sindinamve?"

Ndinali ndi ana awiri, ndipo nyumba imene tinkagona inali ya esiteti.

"Simunamve, bwana."

Lolemba linalo ndinawapeza amayiwo pageti, mdima usanathe bwino, atavala juzi ziwiri, akudikira thirakitala yopita kumtunda. Ngolo yake inali yaitali, moti azimayi awiri othyola tiyi anachita kuwanyamula m'khwapa. Ndinkafuna kulambalala, koma anandiona, n'kundikodola.

"Achimwene, musadandaule za ine. Munayesetsa. Masiku atatu osapuma, chifukwa cha ine."

Ndinavomera ndi mutu. Kumunda anakhalako milungu isanu, kenako anasiya ntchito.