Huta pa Mphambano ya Chonde

Amene anandiphunzitsa kuyendetsa galimoto ku Limbe, nditangomaliza kosi ya uphunzitsi, ankajambula bokosi pansi ndi choko chachikasu, n'kulemba mizere yopingasa m'kati mwake. "Mphambano ndi imeneyi, mayi. Ngati kutsogolo kulibe potulukira, musalowemo. Muno saimamo munthu, kaya akhale ndani."

Pa Chonde panalibe penti yachikasu. Fumbi ndi makoko a nzimbe basi.

Ine ndine wamantha, ndisabise. Khadi la chipani ndinkalisunga m'kamisolo, n'kumaligwiragwira ngati chilonda. Koma tsiku limenelo mwana wanga wakhanda anali atatentha thupi, maso akutembenuka, ali m'manja mwa mlamu wanga kumpando wakumbuyo. Bambo ake anali kuntchito ku esiteti ya tiyi. Ndinangotola makiyi, ulendo wa kuchipatala.

Pamphambano tinapeza lole itaima pakati penipeni, ikukweza amayi opita kokonzekera magule a msonkhano. Njinga, ngolo, basi ya ku Limbe, zonse zili duu. Masiku amenewo lole ya chipani sankaiimbira huta.

Ndinaimba. Ndinaimbanso, dzanja osachotsa.

Mnyamata wa chipani, wa malaya ofiira, anabwera pawindo. "Amayi, mukuimbira ndani?"

"Loleyo. Pamphambano saimapo galimoto."

"Mukudziwa yanyamula ndani?"

"Yanyamula amayi anzanga. Lamulo silinati kupatula opita kovina."

Mlamu wanga ananditsina paphewa. "Alamu, mutiphetsatu."

Phazi linkanditerereka pa kilachi.

"Tsikani," anatero mnyamatayo. "Khadi."

"Sinditsika. Khadi nali. Mwana nayu. Sankhani choti muone."

Mlamu anakweza mwana pawindo. Mayi wina pamwamba pa lole, wothyola tiyi amene mwana wake ndinkamuphunzitsa, anaona khandalo. Anayamba kumenya denga la lole ndi chikhatho. "Adalaivala, senderani inu! Mwana wa aphunzitsi akukomoka uyo, mukufuna tikavine pamaliro?" Anzake anayamba kumenya nawo, lole yonse kulira ngati ng'oma.

Inasendera pang'ono, mpata wongokwana ine. Ndikudutsa, ndinaona pagalasi mnyamata uja akulemba nambala ya galimoto padzanja pake.

Kuchipatala anati ndi malungo, anamubaya jakisoni, ndipo pofika madzulo anayamwa.

Kwa milungu ingapo galimoto ikaima pafupi ndi sukulu, choko chinkandigwa m'manja. Achipani sanabwere. Akanabwera, ndikanawauza zomwe zija, ndi mantha omwe aja: pamphambano saimapo galimoto.