Mpando Woponda wa a Chipeso

A Chipeso anali ometa tsitsi, koma amene ankawadziwa ankati ntchito yawo yeniyeni inali kulongolola, kumetako kunali kongoperekeza. Akangokumanga nsalu pakhosi, basi wagwidwa. Unkamva za mpira, za apongozi awo ndi za matenda amene sunawafunse, mpaka khutu kutentha.

Kachipinda kawo kanali pakati pa wokonza mafoni ndi wogulitsa matayala akale. Munali kalilole wong'aluka pakona, benchi ya odikira, ndi mpando umene ankaukonda kuposa abale awo ena. Unali mpando wa dokotala wa mano, wachitsulo, umene anaugula chipatala china chitautaya. Ukaponda kachitsulo ka pansi, mpandowo unkakwera mpaka mutu wa munthu kufika pamene pali manja a wometa. A Chipeso anali aatali ngati mtengo wa magetsi, ndipo msana wawo unayamba kalekale kuwavuta. Chifukwa cha mpandowo sankawerama, n'chifukwa chake anakalamba akumetabe.

Anauba ndi Wazitsulo, bambo wina woyenda ndi wilibala kutola zitsulo zakutha, yemwe a Chipeso ankamumeta ulere zikamuvuta. Lamlungu lina, iwo ali kutchalitchi, mkuluyu anathyola loko n'kukagulitsa mpandowo kwa osungunula zitsulo. Apolisi anamugwira ndithu, koma anapeza mpando utadulidwa kale zidutswazidutswa.

Kukhoti a Chipeso anapita atatchena suti ya pa ukwati wawo, imene mabatani ake ankangopirira. Wazitsulo atavomera mlandu, iwo anaimirira n'kuyamba kutchula zoti awabwezere: mpando, makasitomala amene anathawira kwa wometa wa patsidya pa msewu, msana, tulo, ngakhalenso mtendere wa m'nyumba, poti mayi a kunyumba anali atayamba kuwayankha mokweza.

Woweruza, mayi wofatsa wa magalasi, anawasiya mpaka mpweya unawathera.

"Bambo, ndakumvani," anatero. "Koma lamulo limandilola kulamula kuti akubwezereni chimene anaba, pa mtengo umene chinali nawo tsiku limenelo. Mpando wakale, mtengo wakale. Loko uja abwezanso. Ndipo azipereka pang'onopang'ono, poti sindingamulamule zimene sangakwanitse."

"Nanga msana wangawu?"

"Msanawo sanabe."

"Nanga makasitomala?"

"Anapita okha ndi miyendo yawo. Zimenezo mukafuna, mupeze loya mukatsegule mlandu wina."

Atafika kunyumba n'kufotokoza, akazi awo anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Ndiye bambo, suti yonseyi mumakatengera loko?"

Zimene Wazitsulo ankapereka zinangokwanira mpando wapulasitiki, wonga wa pamaliro. A Chipeso anayesa kuika mapilo, koma anthu ankaterereka. Anayesa njerwa kunsi kwa miyendo, mpaka m'busa wina anagwa chagada, thovu lili kumaso, n'kutulutsa mawu amene sali m'buku la nyimbo. Basi anayamba kuwerama. Pang'onopang'ono nkhani zija zinayamba kuchepa, pakuti munthu amene waluma mano sakamba za mpira. Zinkamvetsa chisoni kulowa m'kachipinda kaja n'kumva makina okha akulira.

Wazitsulo atatuluka m'ndende, mmene khoti linamutsekera chifukwa cha kubako, n'kumaliza kupereka, anatulukira kwa a Chipeso tsitsi lili nyankhalala. Benchi inali yodzaza. Anthu ena manyazi anawasiya m'mimba mwa amayi awo: mkuluyu anangofikira kukhala pa mpando wapulasitiki uja.

"Mdala, zinatha zija eti? Khoti linagamula. Tandimetani mpala."

A Chipeso anamumanga nsalu, mothina pang'ono kuposa masiku onse, n'kuyatsa makina. Anawerama n'kumeta mbali ya kumanzere bwinobwino, mpaka khungu kuwala. Atafika pakati pa mutu anaima, n'kuzimitsa makina.

"Zathera pamenepa," anatero.

"Aa mdala, nanga mbali inayi?"

"Imeneyo mupeze loya, mukatsegule mlandu wina."

Benchi yonse inafa nacho chiseko. Wokonza mafoni anathamangira kudzajambula, ndipo Wazitsulo anatuluka ataphimba mutu ndi thumba la simenti. Pofika madzulo msewu wonse unali ukunena kuti a Chipeso adzigamulira okha mlandu. Mpaka lero nkhaniyi imakambidwa choncho.

Koma a Chipeso sanaime kuti abwezere. Makina atafika pakati pa mutu, msana unawabaya mpaka dzanja kuchita dzanzi, ndipo anazimitsa poopa kucheka munthu. Mawu onena za loya aja anangobwera pambuyo, kuti anthu aziyang'ana mutu wa Wazitsulo, asaone nkhope yawo. A Chipeso anauza odikira aja kuti makina atentha, abwere mawa. Onse atatuluka, anatsamira khoma n'kupempha wokonza mafoni kuti awaimbire akazi awo adzawatenge.

Mayiwo atafika anawapeza ali chiimire kumbuyo kwa mpando wapulasitiki, akulephera kukhala, akulepheranso kuwongoka. Sanawaseke tsiku limenelo. Anawavula epuloni, n'kuzimitsa magetsi, n'kutseka chitseko ndi loko watsopano uja, ndipo loko ameneyo sanatsegulidwenso.