Nsalu ya Amayi Olimbana

Ndikukumbukira chaka chimene ndinaphunzira kulemba kolumikiza zilembo. Ndinali mu Sitandade 5 pa sukulu ya kwathu, kufupi ndi Kabudula, ndipo aphunzitsi anali atandiuza pamaso pa kalasi yonse kuti ndinali ndi dzanja lokongola. Mawu amenewo anandiwononga. Kuyambira tsiku limenelo ndinkalemba paliponse: pa dothi la pabwalo, pa khoma la khitchini, ngakhale pa miyendo yanga yotuwa ndi kamtengo. Chilembo chilichonse ndinkachipatsa mchira, mchirawo n'kuukoka mpaka ukagwire chilembo chotsatira. Aphunzitsi anatiuza kuti tizilumikiza zilembo za m'liwu limodzi lokha, koma ine ndinkaona ngati mpata wa pakati pa mawu ndi malo ongotayika, choncho ndinkalumikizanso mawuwo.

Amayi anga anali m'gulu la amayi olima mtedza, limene linkakumana Lachitatu lililonse pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba yathu. Wapampando anali a Nabanda, mayi wamtali, wa mawu omveka kuchokera kudambo. Wachiwiri wawo anali a Nankhoma, mayi wamfupi amene anali atangoyamba sukulu ya kwacha, ndipo ankayenda ndi pensulo yotsomeka mu duku kuti anthu adziwe. Awiriwa anakwatiwa ndi amuna apachibale, nyumba zawo zinali zoyang'anizana, ndipo sanagwirizanepo pa chilichonse. Wina akati mvula ibwera, winayo ankayanika ufa. Komabe wina akadwala, amene ankamutungira madzi ndi mnzake yemweyo, akumukalipira kuti wadwala chifukwa chosamva.

Chaka chimenecho kunali chionetsero cha zaulimi ku Nsaru. Chaka cham'mbuyo amayi athu anali atapitako aliyense ndi chitenje chake, ndipo anabwerako atakhumudwa, chifukwa amayi a gulu lina la ku Kasiya anafika atavala nsalu yofanana, dzina la gulu lawo litadindidwa pomwepo. A Nabanda anati iwo ankangooneka ngati anthu odikira pa chigayo. Ndiye anapangana kuti ulendo uno akhale ndi nsalu yawoyawo. Anatuma atsogoleri awiri aja kuti akasankhe, pamodzi ndi amayi anga, amene anali ndi makina osokera opukusa ndi dzanja ndipo ankadziwa nsalu. Ine ananditenga chifukwa cha dzanja langa lija. Ndinali nditauza mudzi wonse za ilo.

Tinanyamuka m'mawa pa ngolo ya ng'ombe, m'kuzizira kwa mwezi wa Juni, fumbi likulowa m'mano. Pa Nsaru tinalowa m'sitolo ya mayi Asiyatu, mayi wachisilamu wofatsa amene banja lawo linkagulitsa nsalu pamenepo kuyambira ine ndisanabadwe. Fungo la m'sitolomo ndimalimvabe: nsalu yatsopano, sopo wamtanda, ndi parafini pang'ono. Mipukutu ya nsalu inali itasanjikizana mpaka kudenga, ndipo pa kauntala panali sizasi yaikulu yomangidwa ndi chingwe ngati mbuzi. Mayi Asiyatu anafotokoza kuti ife tisankhe nsalu ya mtundu umodzi yopanda maluwa, tilembe mawu athu papepala, iwo akapereke kwa odinda nsalu m'tauni ya Lilongwe akamakagula katundu.

Amayi anga sankagula nsalu ndi maso okha. Ankagwira ngodya yake n'kuitikita pakati pa zala ngati akuchapa, kuti aone ngati ituluke kaufa koyera, chifukwa nsalu yopyapyala opanga ake ankaiumitsa ndi sitachi kuti inamize anthu. Kenako ankatuluka nayo pakhomo n'kuiyang'anitsa kudzuwa. Ikaonetsa mthunzi wa dzanja lawo, ankaibweza. Ankanyowetsanso chala ndi malovu, n'kupaka pa nsalu, n'kuyang'ana ngati utoto watsalira pachala. Mayi Asiyatu ankangomwetulira, akutsitsa mpukutu wina. Pomaliza anatulutsa ya pansi pa kauntala, ya thonje lenileni, yolemera, yozizirira m'manja. Anati imeneyo ndiyo imamwa bwino utoto wa odinda, zoterera zija zilembo zake zimasenda mukangochapa kawiri. Amayi anainunkhiza, n'kugwedeza mutu kuvomera.

Pa mtundu ndi pamene panavuta. A Nabanda ankafuna yobiriwira, chifukwa ndiwo mtundu wa munda wa mtedza. A Nankhoma ankafuna yachikasu, kuti anthu aziwaona akadali patali. A Nabanda anati yachikasu imaitana njuchi ndipo imada munthu asanakhale n'komwe pansi. A Nankhoma anati akavala yobiriwira azioneka ngati ziwala, ndipo akangoima pafupi ndi tchire oweruza a pa chionetsero sawapeza. Anakumbutsana za mbewu imene wina anabwereka zaka zitatu zapitazo, ndi za nkhuku imene inaikira mazira m'nkhokwe ya eni. Ogula ena ankalowa, kumvetsera pang'ono, n'kuiwala chimene anadzagula. Dzuwa litafika paliwombo mayi Asiyatu anapempha kuti akapemphere, anatisiyira sitolo, ndipo pobwera anapeza nkhani ili pomwe anaisiya.

Amene anathetsa mkanganowo ndi amayi anga. Anayala nsalu yobiriwira pa kauntala, n'kuikapo kachidutswa ka yachikasu pamwamba. Mayi Asiyatu anati, “Ndi zimenezo. Nsalu yobiriwira, zilembo zachikasu. Zidzawala bwino.” A Nabanda anatuluka m'nkhaniyo akudziwa kuti apambana chifukwa nsalu inali yawo. A Nankhoma ankadziwanso kuti apambana, chifukwa anthu amawerenga zilembo, sawerenga nsalu. Dzina anali atapangana kale kumudzi: Amayi Olimba a ku Kabudula. Pakati pa mawuwo pankayenera kukhala chithunzi cha mtedza wosasenda.

Tsopano inakwana nthawi yanga. Anandipatsa pepala ndi bolopeni, ndipo ndinaimirira pa thumba la mchere kuti ndifikire kauntala. Ndinalemba pang'onopang'ono, lilime lili panja, osanyamula bolopeni kuyambira chilembo choyamba mpaka chomaliza. Mayi Asiyatu anayang'ana pepalalo nthawi yaitali.

“Mwanangu, bwanji ulembenso ndi zilembo zikuluzikulu, chilichonse pachokha?”

“Zimenezo ndi za ana a Sitandade 1,” ndinayankha motero.

“Chabwino. Tawerenga timve.”

Ndinawerenga mokweza, koma ndinawerenga zimene zinali m'mutu mwanga, osati zimene zinali papepala. A Nabanda anati mwanayu adzakhala mlembi wa boma. Mayi Asiyatu anapinda pepala lija n'kuliika m'kachikwama kawo.

Nsalu inafika kutatsala masiku atatu kuti chionetsero chichitike. Amayi onse anasonkhana pansi pa mango, ena ali ndi ana kumbuyo, ena atasiya mtedza pamphasa. Atamasula mpukutu n'kuutambasula, nthungululu zinamveka mpaka kumudzi woyandikana nawo. Inali yokongoladi. Kubiriwira kwake kunali ngati kwa munda wa mu Januwale, mtedza unkaoneka ngati ungautole, ndipo zilembo zachikasu zinali zazikulu, zoongoka, zobwerezedwa kuchokera kumapeto kuno mpaka uko. Ine ndinazipenya kamodzi, n'kuona cholakwika. Mchira umene ndinakoka pakati pa “olimba” ndi “a” unali utakwera n'kutsika, ndipo odinda anauwerenga ngati chilembo cha “n”. Pa nsalu yonse panalembedwa kuti: AMAYI OLIMBANA KU KABUDULA.

“Mlembi wathu, tatiwerengera,” anatero a Nabanda.

Ndinanena kuti, “Amayi Olimba a ku Kabudula.” Anaomba m'manja. Ambiri mwa iwo sankadziwa kuwerenga, ndipo odziwawo anali otanganidwa ndi kusisita nsalu. Kwa kanthawi ndinaganiza kuti ndapulumuka. Koma a Nankhoma anasolola pensulo mu duku, n'kugwada, n'kuyamba kuloza chilembo chimodzichimodzi monga ankachitira ku sukulu ya kwacha. “O, li, mba,” anatero, n'kuima. Anabwerera poyambira. “O, li, mba, na.” Anadzutsa mutu. “Kodi apa sipakuti olimbana?”

Kenako a Nabanda anati a Nankhoma sadziwa kuwerenga, miyezi inayi ya sukulu si sukulu. A Nankhoma anati a Nabanda ndi amene ananong'oneza mwana kuti alembe zimenezo pofuna kuwanyoza. Anaimirira onse awiri, wina atagwira mbali iyi ya nsalu, wina mbali inayo, mawu aja ali pakati pawo, akuwala padzuwa. Mayi wina wakumbuyo anayamba kuseka, n'kudzitseka pakamwa ndi chitenje. Ine ndinalira, ndipo m'kulira momwemo ndinaulula kuti ndinalumikiza mawu ndipo powerenga ndinanama.

Amayi anga sanandimenye. Anthu atabalalika anandiuza kuti ndilembe pa dothi monga momwe ndinalembera ku sitolo. Ndinalemba. Analoza kamchira kaja ndi chala cha kuphazi n'kufunsa kuti, “Aka kankapita kuti?” Anati kulakwitsa ndi kwa aliyense, koma kuimirira pamaso pa anthu aakulu n'kuwawerengera bodza ndi chinthu china. Chilango changa chinali kugwira nsalu iwo akamadula, ndi kusita chitenje chilichonse akamaliza kupinda m'mphepete. Masiku awiri ndinakhala ndikupemerera makala a m'simbi, ndikudutsitsa simbiyo pa liwu lomwelo, mobwerezabwereza, mpaka ndinkaliona ngakhale nditatsinzina.

Nkhani inali itakula. Kubweza nsalu sikukanatheka, kudinditsa ina nthawi inali itatha, ndipo mtedza umene gulu linagulitsa kuti lipeze nsaluyo unali utapita. Amayi anga anayesa kusokerera tizigamba pa chilembo cholakwikacho, koma chitenje choyamba chinatuluka ngati munthu wa zilonda womatidwa mabandeji. Amayi ena anati sapita, ena anati atuluka m'gulu, ena ankanena chapansipansi kuti mayi wa mwanayo ndiye anayenera kuona. Ndinkaona amayi anga akupukusa makina osayang'ana munthu, ndipo zimenezo zinkandipweteka kuposa mkwapulo. Tsiku lomaliza a Nabanda ndi a Nankhoma anabwera limodzi kunyumba kwathu. Anati akambirana, ndipo kuvala zitenje zakale pamaso pa amayi a ku Kasiya kachiwiri sangalole. Aka kanali koyamba kuwamva akunena chinthu chimodzi.

Pa chionetsero panali anthu ambiri, mbuzi, njinga, maungu aakulu ngati mitondo, ndi bambo wina wa chimkuzamawu amene ankaitana magulu. Amayi athu analowa m'bwalo pamzere, akuimba, malichero a mtedza ali pamutu. Ine ndinabisala kuseri kwa matumba a chimanga. Bambo uja anasuzumira nsalu n'kulengeza kuti, “Tsopano tilandire Amayi Olimbana ku Kabudula.” Anaima kaye, n'kuwerenganso. Bwalo lonse linaphulika ndi phwete. Wina anafuula kufunsa ngati abwera ndi zibonga.

A Nabanda anatsitsa lichero lawo bwinobwino, n'kupita kwa bambo uja, n'kumulanda chimkuzamawu, ngakhale kuti mawu awo ankamveka popanda icho. “Mwawerenga bwino, bambo,” anatero. “Ndife olimbana. Timalimbana ndi nthaka youma, timalimbana ndi chiswe, timalimbana ndi mbewa. Tikakolola timalimbana ndi amuna athu ofuna kugulitsa mtedza usanaume. Nthawi ikatsalako, timalimbana tokhatokha. Mtedza wake ndi uwu, bwerani mudzalawe.” Woyamba kuimba nthungululu anali a Nankhoma. Anthu anaseka kuposa poyamba, koma tsopano ankaseka akuyandikira malichero. Mphoto inapita kwa gulu lina, koma mtedza wathu unatha wonse, ndipo amayi awiri a ku Kasiya anabwera kudzagwira nsalu n'kufunsa kumene tinaipeza. Pobwerera pa ngolo a Nankhoma anati mawu onse aja ndi iwo anawanong'oneza a Nabanda ali pamzere. A Nabanda anakana. Anakangana mpaka tinafika kumudzi.

Nsalu yotsala amayi anga sanataye ngakhale kachidutswa. Anasoka katani ya pazenera, nsalu ya patebulo, zovundikira mapilo, ndi diresi langa. Sindikudziwa ngati anachita dala, koma liwu lija linagwera pamsana penipeni, lathunthu. Ndinalivala ku tchalitchi ndi kumsika mpaka linandichepera, ndipo anzanga anandiitana Olimbana mpaka ndinamaliza pulayimale.

Masiku ano zinthu zinapepuka. Munthu amasankha mtundu pa foni, odinda amamutumizira chithunzi asanayambe ntchito, ndipo foniyo imakukonzeranso mawu ukalakwitsa. Palibe amene amakwera ngolo m'mawa kukuzizira, palibe wotikita ngodya ya nsalu kapena kuinunkhiza. Chaka chatha, pokonzekera chinkhoswe cha mng'ono wanga ku Namitete, achibale ananditumizira chithunzi cha nsalu imene ankafuna kudinditsa. Ndinali mu minibasi, ndinachiyang'ana pang'ono, n'kuyankha ndi chala chimodzi kuti zili bwino. Nsaluyo inabwera pa nthawi yake, yopanda cholakwika chilichonse, tinavala, tinavina. Dzulo mng'ono wangayo anandifunsa ngati ndinaisunga, ndipo ndinachita kumufunsa kuti inali ya mtundu wanji.