Mlonda Amene Anakana Kuchoka M'makompyuta Athu

Makompyuta aja anafika pa lole ya fodya, atakulungidwa m'mabulangete, kutatsala milungu isanu kuti mayeso a Fomu 4 ayambe. Analipo khumi, mphatso yochokera ku mpingo wina wa kunja, ndipo anali atagwira kale ntchito zaka zambiri m'maofesi a kumeneko. Ine ndinkaphunzitsa za makompyuta pa sekondale ina ya m'mapiri, kupitirira Malomo. Kwa zaka ziwiri ndinaphunzitsa ndi choko basi. Kiyibodi ndinaijambula pa makatoni a sopo, ana n'kumagogoda zilembo ndi zala. Ana khumi ndi anayi anali atalembetsa mayeso a phunziroli, ndipo gawo lina linkafuna kuti mwana akhale pa kompyuta yeniyeni.

Tsiku loyamba kuyatsa ndinasangalala ngati mwana. Chimwemwecho sichinafike masana. Kompyuta iliyonse inali ndi antivayirasi, pulogalamu yoteteza ku matenda a makompyuta, koma nthawi yake inali itatha kalekale. Ukayatsa, inkayamba yadya theka la ola ikufufuza mbala zoti kulibe. Kenako chikalata chofiira pakati pa sikirini, ati muli pangozi. Ukachitseka, chabweranso. Ukalowetsa fulashi yokhala ndi ntchito za ana, inkameza mafayilo n'kukawabisa kodziwa yokha. Inali ngati mlonda wochotsedwa ntchito amene wakakamira pageti, n'kumabweza eni nyumba. Pamwamba pa zonsezi, magetsi athu a sola ankatha cha m'ma 2 koloko.

Mankhwala ake ndinkawadziwa: kuichotsa, n'kuikamo ina yopepuka. Koma inkafuna mawu achinsinsi a eni ake akale, choncho Loweruka ndinakwera kabaza mpaka pa Malomo, pamene netiweki imagwira bwino, n'kutenga kapulogalamu koizula ndi mizu yomwe. Kulakwa kwanga kunali kumodzi. Ndinauza ahedi.

"Mukuti muchotse chiyani, amadamu?" anafunsa.

"Antivayirasi, ahedi. Inatha ntchito."

"Si katemera wake ameneyo?"

"Katemera wotha mphamvu, ahedi."

"Anthu atipatsa zinthu ndi katemera yemwe, ife tiyambe kuzula? Akabwera kudzaona tidzati chiyani?"

Kwathu kuno mphatso saithamangira. Munthu akakupatsa nkhuku umayamba waionetsa kwa akuluakulu, kuthokoza, mpeni pambuyo. Mwambowu ndimaulemekeza ndithu, kungoti nkhuku siidikiridwa ndi mayeso.

Ahedi anati nkhaniyi ipite ku komiti ya sukulu. Komiti inakumana patatha mlungu, chifukwa apampando anali ku okushoni ndi fodya wawo. Anandiitana, ndinafotokoza zonse. Mkulu wa mpingo wina, bambo aulemu wawo, anafunsa ngati kompyuta yopanda katemera singapatsire zinzake. Ndinayankha mofatsa, m'kati ndikukukuta mano. Pomaliza anagwirizana zolemba kalata yothokoza opereka makompyutawo, ndipo kumapeto kwake, mwaulemu, apemphe chilolezo chochotsa. Kalatayo inayenera kudzera kwa abusa. Abusawo anali ku maliro ku Madisi, atachoka kumeneko anapitirira ku msonkhano.

Makiyi a chipinda cha makompyuta ndinali nawo ine. Fulashi yokhala ndi kapulogalamu kozulira kaja inali m'chikwama changa. Zimenezi ndizo zimandiwawa mpaka lero. Ndikamaweruka ndinkadziuza kuti mawa ndizula basi, adzanditani? Kukacha ndinkakumbukira kuti ndine wobwera, ndine mkazi, ndipo pasukulupo ndine wamng'ono kwa onse. Ndinkaopa kutchedwa wamwano. Ndiye tinkalowa ndi ana aja, kuyatsa, kukhala duu kuonerera mlonda akuyendera katundu wake. Akamamaliza, belu linkalira. Ana anayamba kubwera ndi makatoni awo, kumagogoda podikira, kompyuta yeniyeni ili patsogolo pawo.

Kutatsala masiku awiri ndinatopa nazo. Antivayirasi ija ndinaizula m'makompyuta onse khumi m'mawa umodzi, osapempha munthu. Inali ntchito ya maola atatu. Makina anayamba kuthamanga ngati mbuzi zomasulidwa pachingwe. Ahedi podutsa anasuzumira pakhomo.

"Zayamba kuyenda bwinotu," anatero. "Mwaona ubwino wodekha?"

Ndinangopitiriza ntchito yanga, chifukwa mawu amene anali pakamwa panga akanandichotsetsa ntchito.

Masiku awiri ndi ochepa. M'kalasimo munali mtsikana wina wochokera kuseri kwa phiri, wanzeru kuposa onse, amene katoni yake inachita kubooka pa zilembo chifukwa chogogoda. Ankalemba mofulumira, osayang'ana zala. Koma pa katoni sasungirapo ntchito, ndipo kusunga pa kompyuta tinayeserera kamodzi kokha, mothamanga.

Tsiku la mayeso ndinakhala kutali, pansi pa mtengo, monga mwa lamulo. Ana atatuluka, iye anabwera pamene ndinali. Anati anamaliza zonse nthawi isanathe. Potseka tsamba, kompyuta inamufunsa ngati isunge, iye mwamantha anadina posayenera, ntchito yonse n'kusowa. Sankalira.

"Madamu, zikatere zimapita kuti?" anandifunsa.

Ndinamuuza zoona, kuti sizipita kulikonse. Phunziro limenelo analephera.

Yankho la kalata ija linafika zotsatira zitatuluka kale, kudzera pa foni ya abusa. Ahedi anandiitana mu ofesi n'kundiwerengera okha, nkhope ili mwee. Opereka aja ankapepesa kuti anaiwala kuchotsa antivayirasi ija asanatumize, ndipo ankadabwa kuti tinavutikiranji kufunsa.

"Ndiye mutha kuchotsa tsopano, amadamu," anatero ahedi. "Chilolezo chabwera."

Ndinati zikomo, n'kutuluka. Mtsikana uja katoni yake anaisiya pansi pa mtengo tsiku lija, ndipo ndikadali nayo.